Kuyeza asidi wa mumkodzo muli kunyumba: kachitidwe kake ndi tanthauzo la nambala imene mwapeza

Aliyense amene anaphikapo therere amadziwa kuti chidulo kapena soda ndiye amafewetsa ndiwozo, ndipo amene anatafunapo bwemba kapena ndimu amadziwa kuwawasa kumene kumayayamitsa mano. Zinthu zimenezi zili kumbali ziwiri zosiyana za muyeso umodzi wotchedwa pH, umene unayambitsidwa mu 1909 ndi katswiri wa ku Denmark dzina lake Søren Sørensen, yemwe ankagwira ntchito mumzinda wa Copenhagen. Muyesowu umayambira pa 0 kukafika pa 14. Madzi oyera opanda chosakaniza chilichonse amakhala pakati, pa 7. Chinthu chimene nambala yake ili pansi pa 7 chili ndi asidi, monga madzi a ndimu amene amakhala cha pa 2, ndipo chimene nambala yake yapitirira 7 ndi alikali, monga madzi osungunuliramo soda amene amakhala cha pa 8. Kusiyana kwa nambala imodzi yokha sikochepa ayi, chifukwa mkodzo umene uli pa 5 uli ndi asidi wochuluka kuwirikiza ka 10 poyerekeza ndi umene uli pa 6.

Mkodzo wa munthu wathanzi ukhoza kukhala paliponse pakati pa 4.5 ndi 8, ngakhale kuti kwa anthu ambiri umakonda kukhala cha pa 6. Kusinthasintha kotereku kumachokera ku ntchito ya impso. Magazi a munthu amayenera kukhala pakati pa 7.35 ndi 7.45 nthawi zonse, ndipo akangochokapo pang'ono munthu amadwala kwambiri. Kuti magazi asasunthe pamenepo, mapapo amatulutsa mpweya woipa pamene impso zimataya asidi kapena alikali wotsala kudzera mumkodzo. Choncho nambala imene mupeze mukayeza mkodzo ikukuuzani zimene impso zataya m'maola angapo apitawo, osati mmene magazi anu alili.

Ndatsindika mfundo imeneyi poyamba chifukwa masiku ano kwachuluka ogulitsa madzi, ufa ndi mapiritsi amene amati "amachotsa asidi m'thupi", ndipo ena mwa iwo amanyamula timapepala toyezera kuti akuonetseni kuti thupi lanu lawonongeka. Munthu amene wadya nsima ya usipa usiku n'kupeza 5.5 m'mawa alibe vuto lililonse; impso zake zagwira ntchito imene zinalengedwera. Palibenso umboni wakuti kukweza pH ya mkodzo kumateteza kapena kuchiza khansa. Zimandimvetsa chisoni kuona banja likutaya ndalama za fetereza kapena za sukulu pa zinthu zotere, makamaka pamene wodwalayo akuchedwa kupita kuchipatala.

Komabe kuyezaku kuli ndi phindu lenileni kwa anthu ena. Oyamba ndi amene anadwalapo miyala ya mu impso, chifukwa mtundu wa mwala umene umapangika umayenderana kwambiri ndi asidi wa mumkodzo. Ena ndi odwala gauti (matenda otupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa), odwala shuga, anthu amene amadwala pafupipafupi matenda a m'chikhodzodzo, ndiponso amene dokotala wawapatsa mankhwala osintha pH ya mkodzo ndipo akufunika kuona ngati mlingo wake ukukwanira. Ngati simuli m'magulu amenewa ndipo simukumva vuto lililonse, simufunika kuyeza mkodzo tsiku ndi tsiku.

Zoyenera kukonzeratu

Chinthu choyamba ndi timapepala toyezera, timene ogwira ntchito zachipatala amatitchula kuti dipstick. Timagulitsidwa m'mafamase ena ndi m'masitolo ogulitsa zipangizo zachipatala, ndipo timabwera m'botolo limene kunja kwake kuli tchati cha mitundu. Pali timene timayeza pH yokha, ndipo pali tina, monga Multistix ndi Combur-Test, timene tili ndi timagawo tambiri toyeza shuga, mapuloteni, magazi ndi zina pa kapepala kamodzi. Ngati cholinga chanu ndi kulondoloza pH chifukwa cha miyala ya mu impso, sankhani timene tchati chake chimakwera ndi theka, kutanthauza 5.0, 5.5, 6.0, 6.5 mpaka m'tsogolo, popeza kusiyana kwa 5.5 ndi 6.5 ndiko kumene kuli nkhani yonse. Pepala la litmus limene ambiri tinaliona kusukulu silikwanira, chifukwa limangosonyeza ngati chinthu chili ndi asidi kapena ayi, osapereka nambala.

Musanagule, onani tsiku limene timapepalato tidzathere mphamvu. Mukafika nato kunyumba, tisungeni m'botolo momwemo, chivindikiro chili chothina, pamalo ouma osafika dzuwa ndiponso osatentha kupitirira madigiri 30. Musatiike m'firiji, musatisunge kubafa kapena pafupi ndi moto, ndipo musataye kathumba kakang'ono kamene kali m'botolomo, chifukwa ntchito yake ndi kuyamwa chinyezi. Nyengo ya dzinja ndiyo imawononga timapepala tambiri, ndipo m'madera otentha ngati Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, chipinda chofoleredwa ndi malata chimatentha masana kuposa mmene timapepalati tingapirire. Kapepala kamene kasintha kale mtundu kasanaviikidwe n'kotha ntchito. Ngati mukukayika, sungunulani soda pang'ono m'madzi n'kuviikamo kapepala kamodzi, kenako viikani kena m'madzi a ndimu: koyambako kayenera kupita kumapeto apamwamba a tchati, kachiwiriko kumapeto apansi.

Chachiwiri ndi chotengeramo mkodzo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsira osadziwa. Chabwino koposa ndi kabotolo katsopano ka kulabotale. Ngati mukugwiritsa ntchito kabotolo kapena kapu ya pakhomo, ikhale yosiyidwira ntchito imeneyi yokha, yotsukuluzidwa kangapo ndi madzi oyera, n'kuumitsidwa. Sopo, Jik ndi phulusa limene ena timatsukira ziwiya zonsezi ndi alikali, ndipo kadontho kotsalira kakhoza kukweza nambala mpaka kukuchititsani mantha pachabe. Botolo la chakumwa chozizira nalonso n'losayenera, chifukwa zotsalira zake zili ndi asidi ndi shuga. Mufunikanso wotchi kapena foni yowerengera masekondi, pepala la kuchimbudzi kapena kansalu kouma, ndi kope lolembamo.

Kutenga mkodzo ndi kuyeza

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo, muwatsukuluze bwino ndi kuwaumitsa. Kenako tsukani kumaliseche ndi madzi okha. Amayi atsuke kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo abambo osadulidwa akokere khungu la kunsonga m'mbuyo. Mayi amene ali kumwezi adikire mpaka atamaliza, chifukwa magazi amasokoneza zotsatira, makamaka pa timapepala ta timagawo tambiri.

Musatenge mkodzo woyamba kutuluka. Yambani kukodza m'chimbudzi, ndipo mkodzo ukamayenda bwino, lowetsani kabotolo kuti mutenge wapakati, kenako muchotse kabotoloko n'kumalizira m'chimbudzi. Mkodzo woyambawo umakokolola tizilombo ndi zina za panjira, n'chifukwa chake sufunika. Wochepa chabe, wokwanira kumiza timagawo tonse ta kapepala, ndi wokwanira.

Yezani nthawi yomweyo. Mfundo iyi ndi yofunika kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mkodzo ukakhalitsa, mabakiteriya amayamba kuphwanya chinthu china chimene chili mmenemo chotchedwa urea n'kuchisandutsa ammonia, ndipo fungo lamphamvu limene limamveka m'chimbudzi chosatsukidwa kapena m'chikho chogonera mkodzo ndi ammonia yemweyo. Ammonia ndi alikali, kotero mkodzo umene unali pa 6 potuluka ukhoza kufika pa 8 kapena 9 utangokhala maola angapo pamalo otentha. Ngati mkodzo wakhala kupitirira ola limodzi kapena awiri, utayeni n'kudikira wina.

Tulutsani kapepala kamodzi m'botolo ndi manja ouma, musakhudze timagawo ta mitundu, ndipo tsekani botolo musanachite china chilichonse. Viikani kapepalako mumkodzo mpaka timagawo tonse tinyowe, n'kukavuula pasanathe masekondi awiri. Kukasiya nthawi yaitali kumasungunula mankhwala amene ali pakapepalapo. Povuula, kokerani m'mphepete mwake pamlomo wa kabotolo kuti mkodzo wotsala ugwe, kenako khudzitsani m'mbali mwake pa pepala louma, ndipo kagwireni chogoneka osati choimika. Chifukwa chake n'chakuti pa timapepala ta timagawo tambiri, kagawo ka mapuloteni kali ndi asidi wakewake, ndipo kapepala kakaimikidwa, madzi ochokera pamenepo amatsikira pa kagawo ka pH n'kutsitsa nambala.

Tsopano werengani nthawi imene yalembedwa pabotolo. Timapepala tambiri timafuna masekondi 60, koma tsatirani zimene botolo lanu likunena. Nthawiyo ikakwana, yandikitsani kapepala pa tchati, popanda kukakhudzitsa, ndi kuyerekeza mitundu. Pa timapepala tambiri toyezera mkodzo, mtundu wa lalanje lakupsa umasonyeza 5, wachikasu umasonyeza cha pa 6, wobiriwira ngati msipu umasonyeza cha pa 7, ndipo wopita ku buluu umasonyeza 8 kapena kupitirira. Werengerani pamalo owala bwino, makamaka pafupi ndi zenera masana, chifukwa kuwala kwa kandulo, koloboyi kapena tochi ya foni kumanamiza maso. Mtundu ukagwera pakati pa mabokosi awiri, lembani nambala zonse ziwiri m'malo mosankha imene mukuikonda. Mtundu uliwonse umene wabwera patapita mphindi ziwiri musauwerengere. Anthu ena, makamaka amuna, amavutika kusiyanitsa zofiira ndi zobiriwira chibadwire, ndipo wotero apemphe wina wa m'banja kuti amuwerengere.

Kumbukiraninso kuti mkodzo umene wasintha mtundu chifukwa cha mankhwala umavuta kuwerenga. Rifampicin, mmodzi wa mankhwala a chifuwa chachikulu, amafiiritsa mkodzo, mavitamini a gulu la B amaupatsa chikasu chowala, ndipo beetroot naye amaufiiritsa mwa anthu ena. Zikatero nambala ya kunyumba siyodalirika, ndipo kuyeza kwa kulabotale ndiko kungathandize.

Mukamaliza, thirani mkodzo m'chimbudzi, tayani kapepala pamene ana sangakatole, tsukani kabotolo, ndipo sambaninso m'manja.

Nthawi yoyezera ndi kulemba zotsatira

Nambala imodzi siinena zambiri. Mkodzo wa m'mawa kwambiri, munthu atangodzuka, kawirikawiri ndiwo umakhala ndi asidi wochuluka. Pakapita ola limodzi kapena awiri munthu atadya, nambala imakonda kukwera, chifukwa m'mimba mukamapangidwa asidi wogayira chakudya, alikali wina amalowa m'magazi ndipo impso zimamutaya. Choncho munthu yemweyo akhoza kupeza 5.5 m'mawa ndi 7 masana atadya nkhomaliro, zonsezo zili zabwinobwino.

Njira imene ndimaona kuti ndi yothandiza ndi kuyeza katatu pa tsiku kwa masiku 7: m'mawa mutangodzuka, masana musanadye, ndi madzulo musanadye kapena musanagone, nthawi zofanana tsiku lililonse. M'kope lembani tsiku, ola, nambala, zimene munadya, madzi amene munamwa, mankhwala alionse kuphatikizapo azitsamba ndi a chilungulira, ndiponso ngati munasanza, kutsekula m'mimba, kusala kudya kapena kugwira ntchito yolemetsa padzuwa. Ngati dokotala wakupatsani nthawi zake zoyezera, tsatirani zimenezo. Dziwaninso kuti timapepala tikhoza kusiyana ndi makina a kulabotale ndi theka la nambala kapena kupitirirapo, ndiye musade nkhawa ndi kusintha kwakung'ono.

Kumasulira zimene mwapeza

Chakudya ndicho chimasuntha nambala kwambiri mwa munthu wathanzi. Nyama, nsomba, mazira ndi tchizi zimasiya asidi wambiri woti impso zitaye, ndipo chimanga, mpunga ndi buledi zimachita chimodzimodzi koma pang'ono. Masamba monga nkhwani, bonongwe, chisoso ndi mpiru, pamodzi ndi mbatata, nthochi ndi zipatso zina, zimakweza nambala. Chodabwitsa ambiri n'chakuti mandimu ndi malalanje, ngakhale amawawasa m'kamwa, satsitsa pH ya mkodzo koma amakonda kuikweza pang'ono, popeza thupi likagaya chinthu chotchedwa citrate chimene chili m'zipatsozi, chotsalira chake ndi alikali. Therere la chidulo kapena la soda nalonso likhoza kukweza nambala kwa maola angapo, n'chifukwa chake kulemba zakudya n'kofunika.

Ngati kope lanu likusonyeza kuti nambala imakhala pa 5.5 kapena pansi pafupifupi nthawi zonse, m'mawa ndi madzulo momwe, nkhaniyo ndi yoyenera kukambirana ndi dokotala. Mumkodzo wa asidi wochuluka chonchi, chinthu chotchedwa uric acid sichisungunuka bwino, chimaundana n'kupanga timchenga ndi miyala. Vutoli limapezeka kawirikawiri mwa odwala gauti, odwala shuga, onenepa kwambiri ndi amene amatsekula m'mimba nthawi yaitali, ndipo limakula munthu akamamwa madzi ochepa. Ubwino wake ndi wakuti miyala ya mtundu umenewu imatha kusungunuka popanda opaleshoni ngati pH yakwezedwa ndi mankhwala monga potassium citrate, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti nambala ikhale pakati pa 6 ndi 7. Apa ndi pamene kuyeza kunyumba kumaonetsa phindu lake lonse, chifukwa wodwala amaona yekha ngati mankhwala akukwanira kapena apitirira. Kupitirira nakonso n'koopsa, popeza nambala ikamakhala pamwamba pa 7, mtundu wina wa miyala, wa calcium phosphate, umayamba kupangika.

Nambala ikamakhala pa 7.5 kapena 8 mosalekeza, mkodzo uli watsopano ndipo kabotolo kali koyera, chinthu choyamba kuganizira ndi matenda a njira ya mkodzo oyambitsidwa ndi mabakiteriya ophwanya urea, makamaka otchedwa Proteus. Mkodzo wake umanunkha ammonia ukangotuluka, umaoneka wa mbuu, ndipo matendawa akapanda kuchizidwa amapanga miyala yotchedwa struvite, imene imakula msanga mpaka kudzaza mkati mwa impso. Kusanza kwambiri, kumwa soda, mankhwala ena a chilungulira, komanso mankhwala monga acetazolamide ndi topiramate, zimakwezanso nambala. Pali matenda enanso a impso amene amazilepheretsa kutaya asidi, moti mkodzo sutsika pansi pa 5.5 ngakhale pamene magazi adzaza asidi, ndipo ichi ndi chitsanzo chooneka bwino cha mmene mkodzo ungasiyanirane ndi magazi. Mukapeza 9, kawirikawiri ndiye kuti mkodzo unakhalitsa kapena munali sopo m'kabotolo, yezaninso.

Musaganize kuti nambala yabwino ikutanthauza kuti mulibe matenda. Mabakiteriya otchedwa E. coli, amene amayambitsa matenda ambiri a m'chikhodzodzo, nthawi zambiri sakweza pH. Likodzo, limene ndi lofala m'madera a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi ndi m'madambo olima mpunga, limadziwika ndi magazi mumkodzo ndiponso mazira a tizilombo amene amaonekera pa makina a kulabotale, osati ndi pH. Chimene anamwino amafufuza mumkodzo wa mayi woyembekezera kusikelo ndi mapuloteni makamaka, chifukwa amatha kusonyeza vuto loopsa la kuthamanga kwa magazi, ndipo kuyeza asidi kunyumba sikungalowe m'malo mwa ulendo wa kusikelo.

Zoyenera kupewa, ndi pamene muyenera kupita kuchipatala

Musayambe kumwa soda wophikira kuti mukweze nambala popanda dokotala kukuuzani. Supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodium, chinthu chimene chimapezekanso mumchere, wopitirira mamiligalamu 1,000, pamene bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire mamiligalamu 2,000 pa tsiku kuchokera ku zakudya zonse. Kwa munthu wa vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima kapena la impso, komanso kwa mayi woyembekezera, kumwa soda kukhoza kutupitsa thupi ndi kukweza magazi moopsa. Amene akumwa ma ARV a atazanavir asamale kwambiri, chifukwa soda ndi mankhwala a chilungulira amachepetsa kalowedwe ka mankhwalawa m'thupi, ndiponso mankhwalawa amaundana mosavuta mumkodzo wa alikali. Musasiye kapena kusintha mankhwala alionse chifukwa cha mtundu wa kapepala. Chimodzimodzinso, kumwa viniga pofuna kutsitsa nambala sikuchiza matenda a m'chikhodzodzo. Amenewo amafuna mankhwala opha mabakiteriya osankhidwa ndi achipatala.

Chimene mungachite nokha popanda choopsa ndi kumwa madzi okwanira mpaka mkodzo uzioneka woyera pang'ono osati wachikasu chakuda. Amene anadwalapo miyala amalangizidwa kumwa madzi okwanira kutulutsa mkodzo wosachepera malita 2 mpaka 2.5 pa tsiku, ndipo m'mwezi wa October, munthu akamagwira ntchito kumunda kapena pamsewu, zimenezi zimafuna madzi ochuluka kuposa pamenepo chifukwa ambiri amatuluka ndi thukuta. Okhawo amene dokotala anawaletsa madzi ambiri chifukwa cha mtima kapena impso ndi amene ayenera kutsatira mlingo umene anapatsidwa. Kuwonjezera masamba ndi zipatso, ndi kuchepetsa mchere ndi nyama, kumathandizanso amene nambala yawo imakhala yotsika.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira masiku 7 a kope. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mukuona magazi mumkodzo, ngati mukumva ululu waukulu cham'mbali mwa msana umene ukutsikira kuchinena, ngati mukumva kuwotcha pokodza limodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, ngati mkodzo wachepa kwambiri kapena wasiyiratu kutuluka, kapena ngati nkhope ndi mapazi zatupa. Wodwala shuga amene ali ndi ludzu losatha, akukodza pafupipafupi, akusanza, akupuma mozama ndi mofulumira, ndipo mpweya wake ukununkhira ngati zipatso zakupsa, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya kapepala kakusonyeza nambala yanji, chifukwa pamenepo asidi wachulukadi m'magazi ndipo moyo uli pachiswe. Mayi woyembekezera, mwana wamng'ono ndi munthu wokalamba asachedwe ngakhale zizindikiro zikuoneka zochepa.

Popita kuchipatala, nyamulani kope lanu, botolo la timapepala limene mwakhala mukugwiritsa ntchito, buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, a zitsamba omwe. Ngati munatulutsa kamwala pokodza, katoleni, kaumitseni ndi kukakulunga m'kapepala koyera, chifukwa dokotala akakaona kapena kukayezetsa amadziwa mtundu wake, ndipo ndi mtunduwo umene umamuuza ngati pH ya mkodzo wanu iyenera kukwezedwa kapena kusiyidwa pamene ili.